Sakhwi ndi Dokowe wa Asilikali

Padangotero. Mukavomera kuti tili tonse ndiyambapo, ndipo ndiinena monga anandiuzira eni ake, osathirapo mchere wanga.

Panali dziko la tinyama ting'onoting'ono: mbewa, agologolo, afuko, ntchenzi ndi asakhwi. Pakati pa dzikolo panadutsa mtsinje wa Chikokolola. Tsidya lino kunali midzi ndi Chulu Chachikulu, kumene kunkakhala boma. Tsidya ilo kunali midzi ya abale awo, pakuti a mbali ziwirizi ankakwatirana.

Dzikoli linali ndi asilikali ake, ndipo mmodzi mwa iwo anali Sajeni Dokowe. Iyeyu ndiye anali ndege ya dziko lonse. Ankamumangirira dengu lalikulu kumsana, ndipo mtsinje ukadzaza ankaolotsa odwala, azamba ndi mbewu. Koma Dokowe sankauluka ndi mimba yopanda kanthu. Ulendo uliwonse ankadya lichero la ngumbi zouma, zimene tinyama tonse tinkasonkha n'kusunga m'nkhokwe ya boma.

Tsono kunagwa chaka choipa. Tsidya lino mvula inadula, mbewu zinapsa m'minda, ngumbi osatuluka. Njala itafika pakhosi, a m'midzi anadya ndi mbewu yomwe imene anasungira kubzala. Tsidya ilo kunali bwinoko, mtedza ndi nzama za mbewu zinalipo. Koma dzinja lotsatira linayamba ndi ukali, Chikokolola n'kudzaza mpaka m'milomo wina asanaoloke. Nthaka inanyowa, mizere inali yokonzakonza, koma chokwirira panalibe. Ndipo aliyense ankadziwa kuti masiku obzala akadutsa, njala ya chaka china yalowa m'nyumba.

Boma linalengeza kuti onse azidya mosinira. Pofuna kusonyeza kuti nkhaniyi ikuliwawa, linasankha Olemekezeka a Ntchenzi, phungu wa tsidya lino, kukhala Nduna Yoona za Njala. Poti nduna siyenda m'matope, a Ntchenzi anatenga Dokowe. Lero auluka kukaona njala kumpoto, mawa kukaiona kummwera, ndipo ngumbi m'nkhokwe zinkatsika ngati madzi a m'mtsuko wong'aluka.

M'mudzi wina wa tsidya lino munali Sakhwi, wamphuno yaitali ndi pakamwa pothamanga. Ndiye ankayambitsa nyimbo pamaliro ndi paukwati pomwe. Mlongo wake Sigele anakwatiwa tsidya ilo, ndipo anali mlimi wosunga mbewu.

"Abambo," anatero mkazi wake Nakwenda, "mizere yanu ija yayamba kumera chisoso."

"Mbewu ili kwa Sigele, amayi."

"Ndiye kaitengeni."

"Ndisambire Chikokolola?"

"Pakamwa panupo pamaoloka mitsinje tsiku ndi tsiku. Lero paoloke uwu."

Asanayankhe, kunafika uthenga woti Nduna ikubwera kudzaona njala ya m'mudzimo. Mudzi wonse unatekeseka.

"Mlendo atipeze chonchi, titatuwa mbuu ngati tagona paphulusa?" anatero mayi wina wa mbewa.

Anasesa bwalo. Amene anali ndi timafuta ta nsatsi totsala anagawira anzake, onse n'kudzola mpaka kuwala. Ana amene nthiti zinkaonekera anawatsekera m'nyumba kuti asachititse manyazi. Nkhalamba ina inatulutsa tinzama timene inabisa pansi pa mphasa, timene tikanabzalidwa, n'kutiphika, poti sikanalola kuti mlendo abwerere osalawa kanthu.

Podikira mlendoyo, Sakhwi anayambitsa nyimbo imene anaipeka akuyang'ana mizere yake. Iye ankafunsa mbalame yodutsa m'mwamba kuti kodi njala ukaionera kumeneko ndi yonenepa kapena yoonda, ndipo amayi ankavomera kuti mthunzi wa phiko sudyedwa. Inali nyimbo yokoma, yovinika, ndipo onse anaimba ndi mkwiyo, mapazi akugunda pansi. Ena analumbira kuti lero a Ntchenzi amva zimene sanamvepo.

Kenaka mthunzi unagwa pabwalo, Dokowe n'kutambasula miyendo kuti atere. Chauta atikhululukire, pakuti ndi mmene tilili: popanda wopereka chizindikiro, nyimbo inatembenuka. Maimbidwe anali omwewo, kuomba m'manja komweko, koma mawu anasanduka olandira tate amene watsika m'mitambo kudzaona ana ake, amayi n'kumavomera kuti mthunzi wake wokha wawakhutitsa. Ndipo amene mawu ake ankamveka pamwamba pa onse anali Sakhwi yemwe.

A Ntchenzi anatsika m'dengu, anadya nzama zija mpaka kunyambita mbale, n'kuunguza uku ndi uku.

"Koma mukuwala, abale anga! Kumene ndinali dzulo anali otuwa. Inu njala yangokununkhizani."

Sakhwi anagwada. "Pepani bwana, ndili ndi kamawu."

"Nena mphwanga, boma likumva."

"Mbewu tinadya, bwana. Tsidya ilo ilipo. Mukanatibwerekako a Sajeni tsiku limodzi, tikanabzala."

"Imeneyo ndi nkhani yaikulu. Nkhani yaikulu imafuna msonkhano."

"Uchitikire pompano, bwana. Tonse tilipo."

"Pano pali njala, mphwanga. Mutu ungaganize bwino pamalo pa njala? Tikakambirana tsidya ilo."

"Ndiye pobwera dengulo libwere ndi mbewu."

"Nanga ine ndi mtsamiro wanga tikhala pati?"

Dokowe ananyamuka. A m'mudzi anakweza manja mpaka anazimiririka, kenaka anayamba kutukwana.

"Mawu anu ndinawamva bwino lero," anatero Nakwenda pobwerera kunyumba.

"Ndimawanyengerera, amayi."

"Mwawanyengereradi. Apita atakhuta."

Sakhwi anakhala pakhonde, mphuno ikunjenjemera, monga inkachitira akamaganiza. M'dzikomo munali miyambo iwiri imene ngakhale wamisala sankaiswa. Wapaulendo sankakana kaphukusi kamene mnzake watumiza kwa mbale, ndipo chiwiya chimene chabwera ndi kanthu sichinkabwezedwa chopanda kanthu. Sakhwi anatenga chipanda, anaikamo kamchere pang'ono, n'kulawirira ku Chulu Chachikulu kumene Dokowe ankanyamukira. Anadikira mpaka gulu loperekeza Nduna litachuluka, ndiye anatulukira.

"Bwana, poti mukupita kumsonkhano tsidya ilo, mundiperekereko kamchere aka kwa mlongo wanga Sigele."

A Ntchenzi anayang'ana chipanda, anayang'ana gulu, n'kumwetulira ndi mano okha. "Ndine wantchito wanu. Chiike kumapazi."

Sakhwi anabwerera akuvina. Ankadziwa kuti Sigele adzaza chipandacho ndi mtedza wa mbewu mpaka pakamwa. Dzuwa litapendeka anakadikira pa Chulu, ndipo Dokowe atatera a Ntchenzi anamupatsa chipanda chake. Chinali chopepuka. Atachigwedeza, munalira makoko.

"Mlongo wako ndi mayi waulemu," anatero a Ntchenzi akutokosa m'mano. "Anatipatsa kamba wa panjira."

"Inali mbewu, bwana."

"N'chifukwa chake imakoma chonchija! Iwe sunaulukepo, mphwanga. M'mwamba muli kamphepo kamene kamakumba m'mimba."

A Ntchenzi atalowa m'nyumba, Sakhwi anakhala pansi pafupi ndi Dokowe, amene ankadzitikita mapiko.

"A Sajeni, inu osawaletsa?"

"Ine ndine msilikali, achimwene. Akati nyamuka ndimanyamuka, akati tera ndimatera. Makoko amandigwera pakhosi njira yonse."

"Ngumbi zatsala zambiri m'nkhokwe?"

"Za ulendo umodzi, kupita ndi kubwera. Ndipo akuti mawa tipitanso kukatseka msonkhano umene tinatsegula." Dokowe anausa moyo. "Kulemera kwawo sindidandaula nako. Chimene chikundimaliza ndi minga. Tikafika tsidya ilo sandilola kutera pabwalo. Amanditeretsa kuseri kwa mudzi, pamitengo ya minga, popanda ndi mmodzi yemwe wotilandira."

"Chifukwa?"

"Pafupi ndi bwalo pali nyumba ya aNangondo, apongozi awo."

Mphuno ya Sakhwi inayamba kunjenjemera. Kumeneko mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anizana. Akakumana panjira, aliyense ankapatukira patchire, n'kugwada chofulatira mnzake. Kukhala pamphasa imodzi kunali kosatheka, ndipo akafuna kuuzana kanthu ankatuma wina kuti anyamule mawu.

"Mkazi wa bwana si ali ndi khanda?" anafunsa Sakhwi.

"Ali nalo. Agogo ake sanalione, mtsinje unawatsekera."

M'mawa mwake Sakhwi anali pa Chulu, atasamba, atadzola.

"Bwana, ndamva zachisoni. Akuti tsidya ilo mumatera chete ngati munthu wothawa mlandu. Nduna yonse, popanda ngakhale kanthungululu!"

"Ndi osaphunzira amenewo," anatero a Ntchenzi.

"Mukanakhala ndi woyambitsa nyimbo wanuwanu, woyenda naye..."

A Ntchenzi anamuyeza ndi maso. "Ndiwe wochepa. Ukhala kumapazi."

Sakhwi anakwera atatsimikiza mumtima kuti njira yonse akhala wokwiya, akuganiza za mizere yake. Koma Dokowe atangonyamuka, kamphepo kanamusisita m'makutu. Anasuzumira pansi, n'kuona anzake a m'mudzi atachepa ngati nthata, akukweza timanja. Dzanja lake linakwera lokha, n'kumagwedezeka pang'onopang'ono monga ankachitira a Ntchenzi. Anafunafuna njala ndi maso, koma sanaione. Ngakhale mizere yake yopanda kanthu inkaoneka yokongola, yoongoka bwino. Mumtima anati mwina a m'mudzi amangokokomeza zinthu.

A Ntchenzi anapisa pansi pa mtsamiro, n'kutulutsa mtedza umodzi wotsala dzulo. "Tenga, mphwanga."

Sakhwi anaudziwa kuti ndi mbewu ya Sigele. Anaudya. Unali wokoma.

Anatera paminga paja. Sakhwi anaimba nyimbo ya tate wotsika m'mitambo, akuyambitsa yekha n'kudzivomera yekha, mpaka a Ntchenzi anakhutira n'kupita kumsonkhano. Atangokhota, Sakhwi anathamangira kwa mlongo wake.

"Achimwene! Mwabwera bwanji? Mbewu ndinatumiza ija mwabzala?"

"Tinabzala m'mimba mwa Nduna. Tamvera, Sigele. Uza aliyense amene ali ndi mbale tsidya lakwathu abweretse mbewu kuseri kwa mudzi, kumene kuli a Sajeni. Iwenso undidzazire chipanda china."

"Kuti akadyenso?"

"Lero mbewu ikhala ndi mlonda."

Atachoka apo anapita kwa aNangondo. Anawapeza pakhonde akusenda chinangwa, mayi wachikulire wa maso akuthwa. Sakhwi anagwada patali, n'kuomba m'manja.

"Odi, amayi."

"Odini. Ndiwe wa kwa yani, wamphuno iwe?"

"Ndine Sakhwi, mlongo wake wa Sigele. Andituma akamwini anu."

"Ndili ndi mkamwini ine? Ndimangoona mthunzi ukudutsa pamwamba pa denga langa."

"Ndi ulemu umenewo, amayi. Amakuopani kwambiri. Akuti lero abwera kudzakutengani kuti mukaone mdzukulu."

Mpeni unagwa m'manja mwa aNangondo. "Wanena yekha?"

"Ndi pakamwa pawo, misozi ikulengeza."

"Ha! Ine ndimati mwana wanga anakwatiwa ndi mimba yokhayokha, kani mkatimo muli ndi mtima. Dikira ndimange mpango."

"Kungoti anansi anu apempha kuti muwanyamulireko timaphukusi ta abale awo."

"Nanga ndingakane? Ndidzabwerera m'mudzi uno ine."

Dzuwa litapendeka, a Ntchenzi anatuluka kumsonkhano mimba ili patsogolo, akulowera kuminga. Anadabwa kuona mudzi wonse uli pamenepo. Mumtima anakondwa kuti nyimbo ya Sakhwi yagwira ntchito. Koma atayandikira anaona dengu litadzaza ndi timatumba ndi zipanda, ndipo pamwamba pa zonsezo, pamtsamiro wawo, patakhala apongozi awo atamanga mpango watsopano.

A Ntchenzi analumphira patchire ngati aponda moto. Anagwada kuseri kwa chitsamba chofulatira dengu, n'kuyamba kuomba m'manja. Nawo aNangondo anatembenuka, n'kudzifunda chitenje kumutu.

"Sakhwi!" ananong'ona a Ntchenzi. "Bwera kuno! Akufuna chiyani m'dengu langa?"

"Akuti akukaona mdzukulu, bwana."

"Wawauza ndani?"

"Mtima wa agogo, bwana. Suuzidwa."

"Kawauze mwaulemu kuti dengu ndi la boma, malo mulibe."

Sakhwi anathamangira kudengu, n'kugwada. "Amayi, akuti dengu ndi lanu, malo asakuchepereni, tambasulani miyendo."

"Kamuuze kuti Chauta amuonjezere pamene wachotsa," anatero aNangondo ali m'chitenje. "Nanga iyeyo akhala pati?"

Sakhwi anabwerera kuchitsamba. "Akuti amva, bwana. Akuti poti malo mulibe, inu mukhale pamiyendo pawo."

"Pamiyendo pa apongozi!" A Ntchenzi anagwira mutu. "Dziko lingandiseke mpaka kumanda! Kawauze kuti katunduyo ndiye atsike."

Sakhwi anathamanganso. "Amayi, akufunsa ngati katundu wakwana, kapena pali china chimene mwaiwala."

"Mwana wa eni ake uyu ndi woganiza! Ndaiwaladi kamphika ka phala la mwana. Wina athamange akakatenge."

Wina anathamanga. A Ntchenzi, akusuzumira m'masamba, anaona kamphika kakukwezedwa.

"Sakhwi! Ndati atsitse, iwo akukweza?"

"Akuti katunduyo amukhalira, bwana. Akuti ngati mukufuna atsike, mubwere mudzawanyamule nokha m'chiuno muwaike pambali."

A Ntchenzi anatuluka thukuta. Anayesa njira yomaliza. Ali chofulatira chomwecho anakweza mawu. "Sajeni Dokowe! Ndikukulamula!"

"Lamulani, bwana," anatero Dokowe ataima njo. "Ndiwatsitse ndi mlomo mayi anuwa, mudzi wawo ukuona?"

 Mudzi wonse unatchera khutu kuchitsamba. A Ntchenzi anakumbukira kuti ali ndi mkazi kunyumba amene adzamva zonse, ndipo anakuwa ndi mawu a pamsonkhano:

"Ndikulamula kuti unyamuke! Mayi akupsa ndi dzuwa! Uwayendetse bwino, usawagwedeze!"

Nthungululu zinabuka. Amayi a tsidya ilo, amene a Ntchenzi ankati ndi osaphunzira, anatola nyimbo ija ya tate wa m'mitambo imene anaimva m'mawa Sakhwi akuimba yekha paminga, n'kuiimba ngati anabadwa nayo. Pakati pa phokosolo Sakhwi analandira chipanda chake kwa Sigele, n'kudumphira m'dengu. Anali atadzisungira kale kangodya ka kumphepete, kumene kamphepo kamawomba bwino, ndipo dzanja anali atalikonza.

Dokowe anathamanga, anakupiza mapiko, ananyamuka pang'ono, n'kugwanso pansi. Anabwerera, anayesanso, miyendo n'kukwekwereza m'matope.

"Katundu wapyola," anatero akupuma mwawefuwefu. "Chotsanipo chinthu chimodzi."

"Kamphika aka," anatero Sakhwi msanga.

"Ukhudze kamphika ka mdzukulu wanga uone," anatero aNangondo.

"Ndiye mtsamiro."

"Ndakhalira."

"Kathumba ako ka nzama..."

"Ako ndi ka amalume anga!" wina anakuwa m'gulu. Kathumba kalikonse kamene Sakhwi analoza kanali ndi mwini wake ataima pomwepo, maso ali tong'o.

"Zomaliza kukwera ndi ziwiri," anatero Dokowe. "Inu achimwene, ndi chipanda chanu. Kulemera kwake n'chimodzimodzi. China chitsale."

"Mudzabwererenso chipandachi mawa, a Sajeni."

"Ngumbi zimene ndadya m'mawa ndi zomaliza. Ndikatera uko ndatera."

Sakhwi anayang'ana chipanda. Anayang'ana kumwamba. Amene anandiuza nthanoyi anati ndisabise, ndiye sindibisa: Sakhwi anaganiza nthawi yaitali. Anaganiza zoti mwina anansi adzamugawirako mbewu. Anaganiza zoti munda umodzi wosabzala si njala ya dziko. Anaganiza za kamphepo kaja m'makutu, ndi mmene Nakwenda adzamuonere akutsika m'dengu mudzi wonse ukuimba.

"Achimwene," anatero Sigele chapansipansi, "mukuganiza chiyani pamenepo?"

"Ndikuyeza, mlongo wanga."

ANangondo anasuzumira m'chitenje ndi diso limodzi. "Iwe wamphuno, tandiuza. Akakukwirira pamzere, umera?"

Gulu linaseka. Sakhwi anatsika pang'onopang'ono, mwendo umodzi kenaka unzake. Anaika chipanda m'kangodya kake kaja, kumphepete kwa kamphepo.

"Mukapereke kwa Nakwenda, amayi. Mukamuuze abzale mawa lomwe, asandidikire."

Dokowe anathamanga, anakupiza, ndipo ulendo uno ananyamuka. Analowera tsidya lino, aNangondo atakhala pambewu ngati nkhuku yofungatira mazira, akukweza dzanja pang'onopang'ono.

Gulu litabalalika, a Ntchenzi anatuluka m'chitsamba akudzizula minga m'maondo.

"Abwera liti kudzatitenga?"

"Sabwera, bwana. Ngumbi zatha."

"Zatha? Wamaliza ndani?"

Sakhwi anangotsogolera njira ya kwa Sigele.

Anakhala tsidya ilo mpaka madzi anaphwera, akudya kwa Sigele, a Ntchenzi akupempha kuonjezeredwa. Tsiku limene Chikokolola anatsika kufika m'chiuno mwa a Ntchenzi, awiriwo anauyamba ulendo wapansi. Mapazi a Nduna anali ataiwala nthaka. Kamwala kalikonse kankawaliza, ndipo atafika pamtsinje anaima.

"Sakhwi."

"Bwana."

"Nduna ikanyowa, ndi boma lonse lanyowa."

"Linyowe, bwana. Lidzauma."

"Mphwanga, ndine phungu wako. Unandisankha wekha."

"Ndinalakwa."

"Unandiimbira bwino."

Sakhwi anayang'ana kumbali. Mumtima analumbira pa amayi ake kuti zimenezo sachita. Iye amene anapusitsa Nduna mudzi wonse ukuona, abereke chimutu chimene chinadya mbewu yake? Panalibe msilikali pamenepo, panalibe chikwapu, panalibe ndi mmodzi yemwe womukakamiza. Koma a Ntchenzi anangoima chomwecho akudikira, monga amene sanakanidwepo, ndipo msana wa Sakhwi unawerama wokha, monga umachitira wathu.

Anawaolotsa akumira mpaka mphuno yokha n'kumaonekera. Atafika kumtunda a Ntchenzi sanatsike. Anati mapazi akuwawabe, ndipo Sakhwi anapitiriza nawo njira yonse, akudandaula chamumtima, pakamwa pakuti, "Mwakhala bwino, bwana?"

Madenga a mudzi ataonekera, a Ntchenzi anamugwira khutu. "Nditsitse apa. Andione ndikuyenda."

Mudzi wonse unathamanga kudzawachingamira. Nkhani inali itafika kale ndi aNangondo, yoti mkamwini wawo anasiya malo ake m'dengu kuti mbewu ikwere. Tsopano ndi awa akubwera wapansi ngati mmphawi. Amayi analira, nkhalamba zinawagwira manja, anyamata anawanyamula pamapewa. Nyimbo ya tate wa m'mitambo inabuka popanda woiyambitsa, ndipo Sakhwi palibe anamuona.

Iye anazemba, akukoka miyendo, n'kulowera kumunda kwake. Anaima pamalire. Mizere yonse inali itamera mtedza, timasamba tobiriwira titatukula timitu kuchokera kuno mpaka uko. Pakati pake panali Nakwenda akupalira. 

"Mwafika," anatero Nakwenda osatukula mutu. "Chipanda chinabwera ndi aNangondo eni ake, mpaka pakhomo. Ndinabzala m'mawa mwake."

"Wachita bwino, mkazi wanga."

Nakwenda anamuyang'ana. "Nanga msanawo wachita chiyani?"

"Ndi mphepo ya m'mwamba. Iwe sunaulukepo."

"Mphepo yake imasiya mapazi a matope m'nthiti?"

Sakhwi anadziyang'ana m'mbali. Mapazi a Nduna anali atadinda uku ndi uku, zala zonse zikuoneka. Anayesa kuwafufuta ndi dzanja, koma matope anali atauma.

Nakwenda anamupatsa khasu. "Poti wawerama kale, musauongole. Palirani."

Ndipo mpaka lero sakhwi amayenda chowerama, mphuno ili pansi, koma mthunzi wa mbalame ukadutsa amaima n'kuyang'ana kumwamba.

Yathera pamenepa. Amene munakwirira mbatata paphulusa kaioneni, ndipo mukaipeza yapserera, tigawane yomweyo mothokoza.